Za Kutha kwa Ukwati ndi Nchito ya Ankhoswe

Mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani imene ambiri a ife sitikonda kuichula pa anthu, ndiyo ya kutha kwa ukwati. Tidziwa tonse kuti pa tsiku la cikwati palibe munthu aganizira za kusudzulana, ndipo ife aphunzitsi pamodzi ndi akuru a mpingo tiyesetsa masiku onse kumanga mabanja, si kuwapasula iai. Koma tikayenda m'midzi ya kwa Chiseka ndi ya kwa Chadza, kuyambira ku Mitundu kufikira ku Nathenje, tipeza nyumba zambiri zimene mwamuna anaturukamo kale, ndi ana ambiri amene dzina la atate ao alimva m'zotukwana zokha. Tsono popeza maukwati ena afa ndithu, tifune tisafune, kuyenera kuti tifunsane: nanga ukwati ukafa, tiuike m'manda motani? Pakuti ngakhale maliro ali nao mwambo wace, ndipo munthu wakufa sitimtaya kuchire.

Nkhaniyi si ya kumva kwa ena iai. Inatigwera ife eni m'mbumba mwathu, ndipo mbali yina ya iyo itipatsa manyazi kufikira lero lino. Maina sitichula, pakuti eni ace ali moyo, ndi ana ao ali pa sukulu.

Mtolo pa khonde

Tsiku lina m'mwezi wa June, anthu atatha kukolola, tinaweruka ku sukulu dzuwa litapendeka, ndipo pofika kwathu tinapeza mwana wa mlongo wathu atakhala pa khonde, mtolo wa zobvala uli pambali, kamwana kali kumbuyo, ndi ana awiri okulirapo ali kutokosa pansi ndi timitengo. Anagwada natipatsa moni monga mwa masiku onse, koma maso sanakweze. Titamfunsa za ulendo wace, anati, "Atsibweni, ndabwera. Ulendo uno musandibwezenso." Mau amenewa anatilasa mumtima, cifukwa tinali titambweza kawiri.

Ife ndife tinali nkhoswe ya kucikazi pa ukwati wace. Tikumbukira bwino tsiku la cinkhoswe, mmene a kucimuna anadza kucokera ku dera la Nathenje ndi tambala wao, ife tinapereka msoti, akazi naliza nthungululu kufikira mau anasasa. Mnyamatayo anakhala pa cikamwini m'mudzi mwathu zaka 3, munthu wakhama pa khasu, wosatukwana mnzace. Ndipo pambuyo pace anapempha citengwa, pakuti kwao kunali munda waukuru ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje. Tinalola. Kumeneko anakhala zaka 9, nalima fodya, mtedza ndi cimanga, naumba njerwa, nafolera nyumba ndi malata, nagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Wopenya kunja akadati ndilo banja lokhazikika. Koma cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Caka ndi caka fodya akagulidwa ku Kanengo, mwamuna anali kucedwa m'tauni masabata awiri kapena atatu, nabwera ndi theka la ndalama. Ndipo potsiriza kunamveka kuti ali ndi mkazi wina kumeneko, ndi mwana yemwe.

Kawiri konse mwanayo anadza kwa ife kudzadandaula, ndipo kawiri konse tinaitana nkhoswe mnzathu wa kucimuna, tinadzudzula mwamuna, iye napepesa ndi nkhuku, ife nkuuza mkazi kuti banja ndi kupirira. Akuru a mpingo naonso anayendapo nayesa mbali yao. Sitinena kuti kuyanjanitsa nkoipa. Ndiyo nchito yoyamba ya nkhoswe, ndipo maukwati ambiri aima lero cifukwa ca iyo. Koma kulakwa kwathu kunali uku: pa maulendo onse awiri sitinamfunsa mkaziyo cimene iye mwini anafuna. Tinalankhula amuna okha-okha, iye atakhala kumbuyo ndi amace, ndipo tinayesa kuti kukhala cete kwace ndiko kubvomera.

Mtima wofuna cisamani

Usiku umenewo tulo sitinatione. Manyazi athu anasanduka mkwiyo, ndipo tinati mumtima, mawa lomwe tikatenge cisamani, munthu ameneyu akayaluke pamaso pa anthu. Tinali kudziwa kuti lamulo silitaya mkazi. Malamulo Akuru a dziko lino, olembedwa m'caka ca 1994, anena m'gawo 24 kuti ukwati ukatha mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la cuma cimene anali naco pamodzi ndi mwamuna, ndi thandizo loyenera monga mwa kupata kwa mwamunayo ndi kusowa kwa ana. Ndipo lamulo la ukwati ndi kusudzulana, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 2015, liyesa ofanana ukwati wa ku Boma, wa mu mpingo ndi wa ankhoswe. Ngakhale anthu amene akhalira pamodzi zaka 5 kapena kuposapo, khoti likhoza kuwayesa okwatirana. Tinati, mlandu uwu tipambana ndithu.

Kale mirandu yotere inali kuthera pafupi ndi mudzi. M'caka ca 1933 Boma la Angelezi linapatsa mafumu mabwalo ao oweruziramo, ndipo mabwalo a mtundu umenewo, ngakhale anasinthidwa maina ndi mphamvu, anakhalapo kufikira dziko linalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri m'caka ca 1994. Pamenepo nchito yao inapita kwa amajisitireti. Mafumu ndi ankhoswe aweruzabe za m'midzi tsiku ndi tsiku, koma kalata ya cisudzulo imene Boma liidziwa ituruka ku khoti.

Tiri cigonere cotero, tinakumbukira mnyamata wina amene tinamphunzitsa mu Sitandade 7, wocenjera pa masamu koposa anzace onse. Makolo ace anasumirana, ndipo mlandu unayenda miyezi yambiri, pakuti tsiku lina mboni sinadze, tsiku lina mwamuna anadwala, tsiku lina mvula inadula njira. Ndipo ulendo uli wonse mkazi anagulitsa nkhuku kapena ndowa ya cimanga kuti apeze yoyendera. Pa khonde la khoti panali kukhala anthu a ku msika, akumva zonse za m'cipinda ca makolo ace, ndipo m'mawa mwace ana anzace anali kuzibwereza pa bwalo la sukulu. Woweruza anaweruza molungama, amace napata gawo lao. Koma atate ace, pocoka pamenepo ali wogonja pamaso pa anthu, analumbira kuti sadzapondanso pa mudzipo. Ndipo mnyamatayo sanalemba mayeso a Sitandade 8. Tikumana naye masiku ano m'njira ya ku tauni, ali kukankha njinga ya makala a ku Dzalanyama, ndipo atibvulira cipewa.

Khoti silinalakwa pamenepo. Linacita nchito yace. Likhoza kugamula kuti ana akhale kwa yani, ndi kuti atate apereke zingati. Koma silikhoza kulamula mtima wa munthu kuti akonde kupereka, kapena miyendo yace kuti ikazonde mwana wodwala.

Pangano la ankhoswe awiri

Tisanapite kuli konse, tsiku lacitatu, anafika pa njinga nkhoswe mnzathu wa kucimuna, ndiye atsibweni ace a mwamunayo, nkhalamba yosaphunzira sukulu, imene isayina ndi cala. Tinamlandira ndi nkhope yolimba. Iye anakhala pansi, napuma, nati, "Aphunzitsi, mwana wathu walakwa, ndipo sindinadzere kudzamyeretsa. Koma taonani, khoswe wakhala pa mkhate. Mukaponya mwala, khoswe mumupha ndithu, koma ndi mkhate womwe muuswa. Ndipo mkhatewo ndi ana atatu aja, amene ali anu ndi athu omwe."

Tinamyankha kuti mwana wathu sabwereranso ku banjalo. Iye anati, "Ndamva. Madzi akatayika saoleka. Koma inu ndi ine ndife tinamanga mtolo uwu. Tiumasule ndife, asaudule ena ndi nkhwangwa."

Tinakambirana kufikira madzulo, ndipo tinaitana mwana wa mlongo wathu, ulendo uno tinamfunsa iye mwini. Anati za khoti saziopa, koma safuna kuti ana ace akamve zonyansa za atate ao pa msika. Afuna nyumba, cakudya ndi sukulu ya ana, ndipo akazipeza zimenezi popanda kukokana, iye alola. Pamenepo ife ankhoswe awiri tinapangana mau anai, ndipo tinawalemba m'kope la sukulu.

Loyamba, kuti sitikhalira kubweza mkazi ku banja, kapena kuwerenga zolakwa za zaka 12. Tikhalira zinthu zitatu zokha, ndizo ana, katundu ndi nyumba.

Laciwiri, kuti kanthu kali konse ka m'banjamo kaululidwe, kuyambira ng'ombe kufikira ndalama za m'foni ndi ngongole zomwe. Wobisa kanthu waswa pangano.

Lacitatu, kuti eni ukwati alankhule okha ndi pakamwa pao, nkhoswe ali yense akhale pambali pa wace kumthandiza. Ana asakhalepo, ndi anthu ongodzamvera asakhalepo, pakuti bongololo sadzolera mafuta pa gulu.

Lacinai, ndilo lolimba koposa onse, kuti wina wa awiriwo akathawira ku khoti kukamenyana zokambirana zisanathe, ife ankhoswe tonse awiri titula pansi nchito yathu. Khoti likatiitana tidzanena zoona zimene tidziwa, pakuti lamulo silikanidwa. Koma sitidzaperekeza munthu, sitidzamnenera, ndipo afune ena omuimira.

Mau acinaiwa anatilemera ife koposa mnzathuyo, cifukwa ife ndife tinali ndi mlandu wopambana m'manja, ndipo kuwalemba kunali ngati kutaya cibonga nkhondo isanathe.

Masiku a Loweruka

Tinasankha nyumba ya mbale wina pafupi ndi phiri la Bunda, kuti pasakhale wonena kuti waweruzidwa pa bwalo la adani ace. Tinakomana anthu anai, Loweruka ndi Loweruka.

Tsiku loyamba silinabala kanthu kooneka. Mkazi anayamba kulankhula, ndipo ngakhale tinapangana kuti zakale sitiziwerenga, sitinamletse, pakuti tinaona kuti mau amene tinawatsekera kawiri konse ayenera kuturuka. Analankhula nthawi yaitali, wosakweza mau, nachula usiku umene anasunga moto wa cakudya kufikira tambala, ndi caka cimene anasoka fodya ali ndi pakati pa miyezi 8. Mwamuna anafuna kumdula. Atsibweni ace anamgwira bondo, nakhala cete. Pomaliza mwamunayo anati, "Zina mwa izi sindinazidziwe." Tinabalalika popanda kugawa ngakhale supuni.

Tsiku laciwiri tinalemba katundu. Mbuzi 8, nkhokwe imodzi yodzala, matumba 11 a mtedza, makina osokera, njinga, wailesi, ngolo, nyumba ya malata, cigafa, ndi ngongole ya feteleza ku kalabu. Pofika pa ng'ombe, mwamuna anati imodzi ndi yace, koma inzace ndi ya mkuru wace, anangobwereka. Ife tinayamba kutentha, koma tisanatsegule pakamwa, atsibweni ace anatembenuka nati, "Iwe, ng'ombe imeneyo ndinakuperekeza ndine pokagula, ndipo ndalama zace zinali za mtedza umene anakumba mai uyu. Usandicititse manyazi pamaso pa aphunzitsi." Mwamunayo anaimirira nati, "Ngati ndi tero, kuli bwino tikaonane ku khoti." Nkhalamba ija inatola cipewa cace pansi niti, "Pita, mwana wanga, njira ndi iyo; koma upita wekha."

Anapitadi, koma sanapite ku khoti, anapita kwao. Panapita masabata atatu osamva kanthu. Abale athu ambiri anatiseka, nati, aphunzitsi anyengedwa ndi nkhalamba yosadziwa ngakhale A, ndipo munthuyo ali kugulitsa katundu usiku. Mlongo wathu yemwe, amace a mwanayo, anatiuza kuti tagulitsa mwana wace. Masiku amenewo tinakayika ndithu, ndipo kawiri tinabvala jekete kuti tipite kukatenga cisamani, kawiri tinaibvulanso, pokumbukira kuti dzina lathu liri m'kope lija. Cimene cinambweza mwamunayo tinacimva pambuyo pace: anayendayenda kwa abale ace kufuna womperekeza, ndipo ali yense anamfunsa kuti, nanga atsibweni ako akukaniranji? Anabwera pa Loweruka lacinai, nati ng'ombe zonse ziwiri nza m'banja.

Tsono apa ndi pamene ife tinaphunzitsidwa ndi mwana amene tinamlera. Ife tinadza ndi mtima wakuti ng'ombe imodzi ipite kwa mkazi, yina itsale, pakuti ndiko kugawa pakati, ndipo pa masamu sipakhala cinyengo. Koma iye anati, "Atsibweni, ng'ombe imodzi siikoka ngolo. Mukazilekanitsa, ngolo yafa. Ndipo ngolo ndiyo ipezetsa ndalama m'cilimwe potuta njerwa ndi mcenga. Fizi ya ana anga idzacokera kuti? Zisiyeni kwa atate ao, koma zigwire nchito ya ana." Ife amene taphunzitsa kugawa zaka zoposa 20 sitinaciona cimeneci.

Potero tinamvana motere. Ngolo ndi ng'ombe, njinga, cigafa ndi nyumba ya ku Nathenje zitsale kwa mwamuna, pamodzi ndi ngongole ya ku kalabu. Munda ndi dimba sizinalowe m'kugawa, pakuti ndi nthaka ya mtundu wace, monganso mkazi ali ndi munda wa amace kuno kwathu. Mkazi atenge mbuzi 5, makina osokera, ziwiya zonse, theka la cimanga ndi matumba 7 a mtedza. Mwamuna ammangire mkazi nyumba kwao, monga mwa mwambo wa Acewa, umene ngakhale makhoti aulemekeza. Ndipo tinachula kuti ikhale ya njerwa zootcha ndi malata 24, ithe mvula isanagwe kawiri. Caka ndi caka, fodya akagulidwa, apereke za sukulu za ana onse ndi matumba awiri a feteleza, zidzere m'manja mwa ankhoswe, mwezi wa October usanathe. Akalephera caka cathunthu popanda cifukwa comveka, ng'ombe imodzi ipite kwa mkazi.

Za ana ndizo zinatenga tsiku lonse. Mwa mwambo wathu ana ndi a kucikazi, ndipo abale athu anafuna kuti tinene mau amenewo ndi kutseka pakamwa. Koma lamulo la cisamaliro ca ana la caka ca 2010 liika patsogolo ubwino wa mwana, ndipo lisenzetsa makolo onse awiri udindo wa kumlera. Ndiponso tinaona kuti sikutheka kuuza munthu kuti ana si ako, ndi kumuuzanso kuti uwalipirire sukulu. Tinamvana kuti ana akhale ndi amao masiku a sukulu, ndi kuti awiri okulirapo akacezere atate ao pa holide iri yonse. Mwana akadwala, atate auzidwe tsiku lomwelo. Ndipo pasakhale wa mbali iri yonse wonyoza kholo linzace pamaso pa ana. Mau otsirizawa anapempha ndi mwamuna, ndipo anawapempha misozi iri m'maso.

Tinalemba zonse m'mapepala awiri ofanana, eni ace nasayina, nkhalamba ija nidinda cala, ndipo tinakadziwitsa mafumu a midzi yonse iwiri. Pambuyo pace tinapita ku khoti tonse anai, pa galimoto imodzi. Woweruza anafunsa mkazi payekha ngati wakakamizidwa, nafunsa ife ankhoswe ngati tinayesa kuyanjanitsa, nawerenga pepala lathu, nathetsa ukwati, nalemba zimene tinamvana kuti zikhale cigamulo. Anthu a pa khonde sanapeze cakumva, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali titaturuka.

Za loya wa ku Minneapolis

Patapita nthawi tinakamba nkhani iyi ndi mtsikana wina amene tinamphunzitsa kale, amene tsopano ali loya mu mzinda wa Lilongwe. Iye anaseka nati, zimene munacitazo ziri ndi dzina lace kwa Azungu, azicha collaborative law, ndiko kunena kuti maloya agwirira nchito pamodzi m'malo mwa kulimbana. Anatifotokozera kuti loya wina wa mu mzinda wa Minneapolis ku America, dzina lace Stuart Webb, atagwira mirandu ya mabanja zaka zambiri, anatopa ndi kuona anthu akusaukitsana ndi kudana m'makhoti; ndipo m'caka ca 1990 ananena poyera kuti iye sadzatengeranso mlandu wa banja ku khoti, koma adzathandiza okhawo ofuna kumvana.

Mcitidwe wace uli wotere. Mwamuna akhala ndi loya wace, mkazi ndi wace, ndipo anaiwo akomana pa tebulo limodzi. Asanayambe asayina pangano lakuti adzaulula cuma conse popanda kubisa, ndi lakuti zokambirana zikalephereka, wina nathamangira ku khoti, maloya onse awiri acoka, ndipo eni mlandu ayambe kufuna maloya ena. Pakufunika aitana wodziwa za ndalama kapena za ana, wosakhala wa mbali iri yonse. Nzeru yace iri pa pangano la kucokalo: loya sapindula kanthu mlandu ukapita ku khoti, cifukwa cace aika mtima wace wonse pa kumvanitsa, ndipo mwini mlandu, akapsa mtima, ayamba waganiza kawiri asanataye womthandiza wace. Dera la Texas linaika njirayi m'malamulo ace m'caka ca 2001, ndipo m'caka ca 2009 akatswiri a malamulo a dzikolo analemba citsanzo ca lamulo cakuti madera ena atengereko. Njirayi yafikanso ku Canada, ku England ndi ku Australia.

Tinazizwa pakumva kuti anthu a kutali cotero, okhala ndi makhoti ambiri ndi ndalama zambiri, anafika pa cinthu cimene nkhalamba ya ku Nathenje inacidziwa popanda buku. Pakuti nkhoswe si woweruza, ndiponso si mkhala-pakati wopanda mbali. Ali wa mbali imodzi, aimira mwana wace, koma ali womangidwa ku mtendere wa nyumba zonse ziwiri, cifukwa mawa adzakomana ndi nkhoswe mnzace pa maliro ndi pa zikwati za adzukulu.

Macenjezo

Koma mtsikana uja anaticenjeza, ndipo ife tipereka cenjezo lace kwa inu. Loya adziwa lamulo. Nkhoswe kawiri-kawiri salidziwa, ndipo akhoza kulola mwana wace kutaya zimene lamulo limpatsa, namayesa kuti wacita mtendere. Cifukwa cace munthu asanasayine kanthu, ayambe wafunsa odziwa. Boma liri ndi ofesi ya Legal Aid Bureau yothandiza osakhoza kulipira loya, ndipo bungwe la PASI laphunzitsa anthu a m'midzi nchito ya kumvanitsa okangana. Ndiponso zimene mwamvana musazisiye m'kope mokha. Zitengereni kwa woweruza kuti zikhale ndi mphamvu, pakuti ankhoswe afa, ndi mitima isinthika.

Cenjezo laciwiri ndi lalikuru koposa. Njira iyi iyenera anthu awiri amene akhoza kukhala pa mphasa imodzi wina wosaopa mnzace. Pamene pali kumenya, kuopseza ndi mpeni, kapena kugwira ana zonyansa, si pa ankhoswe pamenepo iai. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la caka ca 2006 lipatsa khoti mphamvu ya kuteteza wozunzidwa, ndipo ku polisi kuli cipinda colandirira anthu otere. Nkhoswe wobweza mkazi wotupa maso ku nyumba ya wommenya, ndi kumuuza kuti apirire, adzayankha za mwazi wace. Momwemonso wina akakana kuulula cuma, kapena akaswa pangano caka ndi caka, khoti liripo, ndipo kupitako si chimo. Ife tinakhoza kumvana cifukwa mwamunayo anadziwa kuti lamulo liri kumbuyo kwa mkazi. Cikhala kuti panalibe khoti, kapena sakadabwera pa Loweruka lija.

Zimene zatsala

Musayese kuti nkhani iyi yatha mokoma monse. Ukwati unatha, ndipo ife amene tinalandira tambala uja sitingakondwere nako. Nyumba inacedwa miyezi 5, ndipo caka cina feteleza anafika mbeu zitamera kale, kotero kuti tinapalasa njinga kawiri kunka ku Nathenje kukakumbutsa. Mlongo wathu sanaleke kunena kuti ng'ombe ija inali yathu. Kamwana kakang'ono kaja sikawadziwa bwino atate ace, ndipo kabisala akafika.

Koma ana onse awiri okulirapo ali pa sukulu. Tsiku lotsekera caka catha, mtsikana wamkuru anakhoza bwino m'kalasi mwace. Amace anakhala ku mbali ya amai, atate ace anadza pa njinga nakhala ku mbali ya abambo. Ndipo mwanayo atalandira pepala lace, anapita nalo kwa amace, nabwerera, nadutsa pakati pa bwalo, nagwada pamaso pa atate ace, nawapatsa kuti aone. Palibe anamletsa, ndipo palibe anaseka.

Madzulo ace tinauza mwana wa mlongo wathu kuti anacita bwino pa za ngolo zija. Iye anayankha ali kupeta, wosatiyang'ana, nati, "Mukadandifunsa pa ulendo woyamba uja, atsibweni, kapena zina zikadakonzeka ukwati ukali moyo." Tinalibe mau omyankha, ndipo kufikira lero tiribe.

Cifukwa cace tipempha inu nonse amene muli ankhoswe, ndi inu amene mudzasankhidwa caka cino: mwana wanu akadza ndi dandaulo, mumkhazike patsogolo, mumfunse iye mwini, ndipo mumve kufikira atatha. Yesetsani kumanga pamene pali pomangika. Koma pakaoneka kuti pagwa ndithu, musathawe nchito yanu ndi kunena kuti za ankhoswe zinathera pa tsiku la nthungululu. Funani nkhoswe mnzanu, khalani pansi, lembani, ndipo muwaturutse anthu awiriwo m'nyumba yakugwayo ali okhoza kupatsana moni m'njira, cifukwa ca ana.



Mphunzitsi, Mitundu.